Alimi a ku Ulaya ankakhala bwanji mliri wa 1348 usanafike, nanga unasintha chiyani?

Mphunzitsi wa ku Kapata

Moni akuluakulu nonse. Ndikukonzera ana a Giredi 11 phunziro la mbiri ya Ulaya, kuyambira cha m'ma 1000 mpaka 1500. Buku lathu langodzaza mayina a mafumu ndi nkhondo zawo, ndiye ana amaloweza lero, mawa aiwala. Ambiri ndi ana a alimi a ku Mtenguleni, Chiparamba ndi Kalichero, pulawo ndi goli amazidziwa bwino, choncho ndikufuna ndiyambire kumunda. Mlimi wa kumeneko ankadzala chiyani, ankalima ndi chiyani, ndipo zokolola ankagawana ndi yani? Tchalitchi chinkalowa pati? Komanso buku likuti mliri wa 1348 unamasula alimi, koma silikunena kuti matenda angamasule bwanji munthu. Odziwa ndithandizeni, ndi manambala omwe ngati alipo.

aJere a ku Msekera

Aphunzitsi, mwayambira pabwino. Choyamba auzeni anawo achotse chimanga m'mutu. Chimanga, mbatata, chinangwa, nshawa, mpendadzuwa ndi fodya zinachokera ku America, ndipo ku Ulaya sanazione mpaka 1492 itadutsa. Iwo ankadzala tirigu, balere ndi mbewu zina ziwiri za mtundu womwewo, oats ndi rye, kuphatikizapo nyemba ndi sawawa. Chakudya chinali buledi, phala ndi mowa.

Nambala yofunika kwambiri ndi iyi: akafesa chitini chimodzi cha tirigu ankakolola zitini zitatu kapena zinayi basi. Yerekezani ndi kwathu kuno. Pa lima imodzi (kota ya hekitala) timadzala makilo 5 a chimanga, ndipo ngakhale munda utakanika umatulutsako matumba asanu a makilo 50. Kilo imodzi yabala makilo 50. Mlimi wa ku Ulaya uja pa matumba 40 amene wakolola, 10 ankayenera kubwerera m'nthaka ngati mbewu. Mvula ikavuta n'kukolola matumba 20, mbewu imafunikabe matumba 10 omwewo, ndiye chakudya sichinatsike ndi theka, chatsika kuchoka pa 30 kufika pa 10. N'chifukwa chake chaka chimodzi choipa chinkapha anthu.

Chimene chinasintha zinthu kumpoto kwa Ulaya ndi pulawo yolemera. Dothi la kumeneko ndi lamakande, lonyowa, lomata, ndipo kapulawo kakale kankangokanda pamwamba. Yatsopanoyo inali ndi mpeni woimirira kutsogolo wodula dothi chotsika, khasu lachitsulo lodula chopingasa pansi, ndi phiko lotembenuza dothilo kuti udzu ukwiririke, ndipo zambiri zinali ndi mawilo. Inkafuna ng'ombe mpaka zisanu ndi zitatu. Ndani pamudzi anali nazo zonsezo? Ankasonkherana, uyu ziwiri, uyo imodzi. Kutembenuza gulu lotere kumapeto kwa mzere ndi chintchito, choncho minda ankaidula yaitali ndi yopyapyala, mayadi 220 m'litali ndi 22 m'lifupi. Imeneyo ndiyo ekala yomwe timayezera minda mpaka lero, malo amene ng'ombe zinkalima tsiku limodzi. Ndi mamita 201 kwa 20. Atengeni ana pabwalo la mpira, utali wake ndi ngati mabwalo awiri kulumikiza.

Chachiwiri ndi kasinthasintha. Kale munda ankaugawa pawiri, theka adzale, theka ligone. Kenaka anayamba kugawa patatu. Gawo loyamba tirigu kapena rye wofesa cha mu Okutobala n'kukolola mu Julaye kapena Ogasiti. Lachiwiri oats, balere kapena nyemba zofesa cha mu Malichi. Lachitatu kuligoneka, ziweto zizidyamo n'kusiyamo ndowe. Chaka chamawa magawowo asinthana. Pa maekala 30, kale ankadzala 15, tsopano 20. Nyemba zinkabwezera chonde monga zichitira nshawa ndi soya kwathu, ndipo mbewu ya nyengo imodzi ikakanika inayo inkawapulumutsa. Vuto lake, mudzi wonse unkayenera kudzala ndi kukolola nthawi imodzi, chifukwa akakolola ankamasula ziweto m'minda yonse. Wochedwa zake zinkadyedwa. Izi ana sazavutika nazo, amaziona chaka chilichonse.

Mahatchi analowanso m'munda atapeza chomangira cha pamapewa chosafinya pakhosi ndi nsapato zachitsulo. Hatchi imathamanga, koma imafuna oats, ndipo ikakalamba sankaidya, pamene ng'ombe imadya udzu n'kuthera mumphika. Ambiri anakhalabe ndi ng'ombe.

Za kugawana tsopano. Dziko linali la mwinimalo, kaya msilikali wolemekezeka, bishopu kapena nyumba ya amonke. Alimi ambiri sanali akapolo ogulitsidwa pamsika, koma anali omangidwa kumalowo: kuchoka popanda chilolezo kunali kulakwa. Ankagwira m'munda wa mwinimalo masiku awiri kapena atatu pa sabata, nthawi yokolola n'kuwonjezera. Thangata la kutsidya ku Nyasaland ndiye chitsanzo chapafupi. Mwana wamkazi akakwatiwa, alipire. Bambo akamwalira, mwinimalo atenge chiweto chabwino koposa. Kupera kunali kokakamiza kuchigayo cha mwinimalo, choyendera madzi, ndipo ankatapapo gawo, kawirikawiri limodzi pa 16 kapena pa 20. Kalembera amene Mfumu William analamula ku England mu 1086 anapeza zigayo zamadzi zoposa 5,000. Pamwamba pa zonsezi, chakhumi cha tchalitchi.

Ngakhale zinali choncho chakudya chinachuluka, nkhalango zinagwetsedwa, madambo anaumitsidwa, ndipo pakati pa 1000 ndi 1300 anthu a ku Ulaya anawirikiza pafupifupi kawiri.

Amayi Mwale

AJere afotokoza munda, ine nditenge ndalama ndi tchalitchi, chifukwa ziwirizi simungazilekanitse.

Yambani ndi chinthu chimene agogo a anawo amakumbukira. Kwacha isanabwere mu 1968 tinkawerenga mapeni 12 kukhala sheleni, masheleni 20 kukhala paundi. Mawerengedwe amenewo anakhazikika nthawi ya Charlemagne, mfumu yaikulu ya kumadzulo kwa Ulaya, cha m'ma 790: paundi imodzi ya siliva ankasulamo mapeni 240. Kwa zaka mazana ambiri peni yasilivayo ndiyo inali ndalama yokhayo yogwirika m'manja, sheleni ndi paundi zinali za m'kaundula chabe. Malonda atakula peni inachepa mphamvu, ndipo mu 1252 mzinda wa Florence unayamba kusula florin yagolide ya magalamu atatu ndi theka, Venice n'kutsatira ndi ducat mu 1284. Golide wambiri ankachokera kumadzulo kwa Africa kudutsa m'chipululu cha Sahara. Auzeni anawo zimenezi, ndi zoti nthawi yomweyo Great Zimbabwe inkatumiza golide wake ku Sofala ndi Kilwa. Asaganize kuti kuno kunali tulo.

Misika ikuluikulu inali ku Champagne, ku France. Inali isanu ndi umodzi pachaka m'matauni anayi: Troyes kawiri, Provins kawiri, Lagny ndi Bar-sur-Aube. Uliwonse unkatha pafupifupi masabata asanu ndi limodzi, ndipo unali ndi ndondomeko: masiku olowetsa katundu, masiku a nsalu, a zikopa, a zoyeza pasikelo monga tsabola, pomaliza masiku othetsa ngongole. Ubweya wa nkhosa za ku England unkaombedwa ku Flanders (lero mbali ya Belgium), ku Ghent, Ypres ndi Bruges, ndipo amalonda a ku Italy ankagula nsaluzo.

Apa ndi pamene tchalitchi chinakumana ndi vuto. Chiphunzitso chinali chakuti kukongoza ndalama kuti ubweze ndi chiwongoladzanja ndi tchimo. Msonkhano wa mabishopu wa ku Lateran, ku Roma, wa 1179 unalamula kuti wa kaloba wodziwika asalandire Mgonero ndipo asaikidwe mwachikhristu. Koma malonda opanda ngongole sayenda. Njira imene anapeza ndi kalata yosinthira ndalama. Wamalonda alandira ma florin ku Florence, alemba kalata yolamula mnzake wa ku Bruges kuti alipire mwakuti mu ndalama za kumeneko pakatha miyezi iwiri. Pakalatapo palibe mawu akuti chiwongoladzanja. Phindu labisala mu mtengo wosinthira, ngati mmene osintha kwacha ya Zambia ndi ya Malawi pa Mwami amadyera pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira. Popeza mtengowo unkatha kukwera kapena kutsika, akatswiri a tchalitchi anati si kaloba. Chimene chinkawagwetsa ndi kukongoza mafumu. Mabanki a mabanja a Peruzzi ndi Bardi anakongoza Edward III wa ku England ndalama zankhondo, iye osabweza, ndipo pamodzi ndi mavuto ena anagwa, Peruzzi mu 1343, Bardi mu 1346. Mfumu mungaitengere kubwalo liti?

Amonke nawo chuma chinkawalondola ngakhale akuchithawa. Nyumba ya Cluny inayamba mu 910 kuti ikonze moyo wa amonke, koma inalemera ndi mphatso. Mu 1098 amonke ena a nyumba ina, ya Molesme, anachoka kukayamba Cîteaux, akuti tikakhale kuthengo, tidye thukuta lathu. Kuthengoko anaweta nkhosa zikwizikwi, ndipo nyumba zawo za Fountains ndi Rievaulx ku England zinasanduka ogulitsa ubweya otchuka. Anayamba kulandiriratu ndalama za ubweya wa zaka zakutsogolo. Nkhosa zitagwidwa ndi mphere cha m'ma 1270 ndi 1280, ubweya unasowa koma ngongole inalipobe. Aliyense amene anatengapo mbewu ndi mankhwala a thonje pangongole, thonje n'kukanika, akudziwa mmene zimakhalira.

Matauni atadzaza, amonke otsekeredwa kumidzi sanathenso kufikira anthu. Francis wa ku Assisi, mwana wa wogulitsa nsalu, anakana chuma cha bambo ake, ndipo Papa Innocent III anavomereza gulu lake cha mu 1209. Lamulo lawo linkaletsa ngakhale kulandira ndalama. Gulu la Dominic, wansembe wa ku Spain, linavomerezedwa mu 1216. Onsewa ankalalikira m'misika m'chilankhulo cha anthu wamba, pamene Misa inali m'Chilatini. Msonkhano wa Lateran wa 1215 unalamula Mkhristu aliyense kulapa kwa wansembe kamodzi pachaka ndi kulandira pa Pasaka, komanso kuti ukwati uzilengezedwa m'tchalitchi usanamangidwe. Kulengeza kumene timamva Lamulungu kunakhazikika pamenepo.

Chenjezo limodzi aphunzitsi. M'kalasi mwanu muli ana a Katolika, a Reformed, a Anglican ndi ena. Nthawi imeneyo magawowa kunalibe, Luther anadza mu 1517. Musalole kuti phunziro lisanduke mlandu wa mpingo umodzi. A Dutch Reformed amene anafika ku Magwero mu 1899 ndi a White Fathers amene anamanga Kachebere mu 1903 onse mizu yawo ili m'tchalitchi chomwechi.

Mphunzitsi wa ku Kapata

Zikomo aJere, zikomo amayi. Za ekala ndi sheleni ana adzazikonda. Chatsala ndi cha mliri chija. Anthu akafa, otsala amamasuka bwanji?

Bambo Tembo, Katete

Aphunzitsi, buku lanulo ladumpha masitepe, ndipo mawu akuti "unamasula" ndi oona theka lokha.

Mavuto anayamba mliri usanafike. Pofika 1300 anthu anali atachuluka kuposa minda. Analima mpaka m'mapiri ndi m'malo odyetsera ziweto. Ziweto zikachepa ndowe zichepa, ndowe zikachepa zokolola zitsika, ndipo feteleza kunalibe. Ndiye mu 1315 mvula inagwa osaleka. Tirigu anaolera m'munda, udzu wosungira ziweto sunaume, ngakhale mchere unasowa chifukwa ankaupanga poumitsa madzi a m'nyanja. 1316 chimodzimodzi. Njala imeneyo inafika 1317, anthu anadya mbewu, ndipo cha mu 1319 matenda a ng'ombe anapha zolimira zambiri ku England.

Mliri unafika pa doko la Messina ku Sicily mu Okutobala 1347 ndi zombo zochokera ku Black Sea. Kachilombo kake ndi Yersinia pestis, kamayenda ndi nthata za makoswe. Munthu ankatupa mwanabere m'khwapa, m'khosi kapena m'mphechepeche, kutentha thupi, ndipo ambiri ankafa sabata isanathe. Ukalowa m'mapapo unkafala ndi chifuwa, wopulumuka panalibe. Ku England unalowa pakati pa 1348, ndipo pofika 1351 unali utapha pakati pa munthu mmodzi mwa atatu ndi theka la anthu a ku Ulaya. Unabweranso mu 1361 ndi kangapo pambuyo pake, n'chifukwa chake chiwerengero sichinakwere msanga.

Tsopano masamu ake. Minda sinafe, ng'ombe ndi mapulawo zilipo, ndalama zasiliva zilipo. Chasowa ndi manja. Afunseni ana: mudzi uli ndi minda khumi yofuna kupalira mu Januwale, aganyu anali makumi awiri, atsala khumi. Mtengo wa ganyu anena ndani? Tirigu akacha sadikira, akachedwa kumweta amayoyoka. Mwinimalo woyandikana naye ankanyengerera alimi a mnzake, bwerani kuno, malipiro owirikiza, chakudya cha nyama, munda wa lendi yochepa. Munthu womangidwa uja ankangonyamuka usiku, ndipo amene wamulandira sankamubweza.

Eni malo anathamangira kwa mfumu. Edward III anatulutsa lamulo mu 1349, nyumba ya malamulo n'kulilimbitsa mu 1351. Malipiro abwerere mmene analili mliri usanadze: wosonkhanitsa udzu peni imodzi patsiku, womweta tirigu mapeni awiri sabata yoyamba ya Ogasiti ndi atatu pambuyo pake, kalipentala wamkulu atatu, mmisiri wamkulu wa miyala anayi. Wokana ntchito ankamutsekera miyendo m'matabwa pabwalo. Lamuloli linalephera pa chifukwa chosavuta: olemba ntchito eni akewo ndiwo ankaliphwanya. M'kaundula alemba mtengo wa lamulo, kumbali awonjezera tirigu, chovala kapena mowa. Mu 1363 anafika poika lamulo la zovala, loletsa anthu wamba kuvala nsalu zodula. Lamulo lotere limakuuzani kuti anali atayamba kuzivala.

Moto unabuka ndi msonkho wa pamutu. Mu 1377 unali mapeni anayi munthu aliyense, wa 1380 unafika mapeni 12, wolemera ndi wosauka chimodzimodzi. Ana amene anamva za msonkho wa nyumba wa atsamunda ku Fort Jameson (Chipata ya lero) amvetsa. Anthu anabisala osalembetsa, boma linatumiza ofufuza, ndipo mu Juni 1381 a ku Kent ndi Essex analowa mu London motsogozedwa ndi Wat Tyler. Kulikonse kumene ankadutsa ankaotcha makaundula a eni malo, chifukwa m'menemo ndi mmene munalembedwa kuti uje ndi womangidwa. Anadula mutu Simon Sudbury, bishopu wamkulu wa Canterbury. Mfumu Richard II, mnyamata wa zaka 14, analonjeza ufulu pa 14 Juni, Tyler anaphedwa mawa lake ku Smithfield, ndipo malonjezo onse anafafanizidwa. Kuukirako sikunamasule munthu. Kumangidwa kunatha pang'onopang'ono m'zaka za m'ma 1400, eni malo ataona kuti kubwereketsa minda pa lendi kukuwapindulira kuposa kuthamangitsa anthu osafuna.

Theka linalo ndi ili. Kum'mawa kwa mtsinje wa Elbe wa ku Germany zinayenda chambuyo. Ku Poland lamulo la 1496 linaletsa alimi kuchoka pamidzi, thangata linakula chifukwa eni malo ankagulitsa tirigu kumadzulo, ndipo ku Russia alimi anamasulidwa mu 1861. Kusowa kwa manja kumathandiza wantchito pokhapokha ali ndi kothawira, matauni ambiri ndi eni malo olimbirana anthu. Kumene eni malo anagwirizana ndipo mfumu inali m'manja mwawo, anangomangitsa chingwe.

Amayi Mwale

Abambo Tembo anena zoona. Ndiwonjezere za tchalitchi pa mliriwo. Ansembe ankafa kwambiri chifukwa ndiwo ankapita kwa odwala. Mu Januwale 1349 bishopu wa Bath ndi Wells, Ralph wa ku Shrewsbury, analemba kuti wansembe akasowa munthu alape kwa Mkhristu mnzake, ndipo mwamuna akasowa, ngakhale kwa mkazi. Kwa nthawi imeneyo amenewo anali mawu aakulu. Mantha anabalanso nkhanza: mphekesera inafala yoti Ayuda athira poizoni m'zitsime, ndipo ku Strasbourg mu Febuluwale 1349 anawotcha Ayuda mazanamazana, ngakhale Papa Clement VI anali atalemba kuti nawonso akufa ndi mliri womwewo. Nzeru yothandiza inachokera kumadoko. Ragusa, lero Dubrovnik, mu 1377 inalamula ochokera kumalo a mliri kukhala kwaokha masiku 30, ndipo pambuyo pake madoko ena anafikitsa 40.

Ulemu wa akuluakulu a mpingo unatsika. Apapa anakhala ku Avignon, mzinda umene lero uli ku France, kuyambira 1309 mpaka 1377, kenaka kuyambira 1378 kunali apapa awiri, pena atatu, mpaka msonkhano wa Constance unathetsa mu 1417. Msonkhano womwewo unawotcha Jan Hus, wansembe wa ku Prague wodzudzula akuluakulu a mpingo, mu 1415. Otsatira a John Wyclif, mphunzitsi wa zaumulungu wa ku England, anali atamasulira kale Baibulo m'Chingelezi, koma kukopera pamanja pa zikopa kunali kodula. Baibulo limodzi lalikulu linkadya zikopa za ana a ng'ombe oposa zana. Pepala lopangidwa ndi nsanza, limene ku Fabriano ku Italy ankalipanga kale m'ma 1200, ndi makina osindikizira mabuku a Gutenberg a ku Mainz cha mu 1455 ndi zimene zinagwetsa mtengowo.

aJere a ku Msekera

Aphunzitsi, ngati mukufuna nkhani imodzi yogwira munda, tchalitchi ndi kuukira pamodzi, tengani ya St Albans, kumpoto kwa London. Mwinimalo kumeneko anali mkulu wa amonke, ndipo anthu ankakana kupera kuchigayo chake, ankapera kunyumba pa mphero zamanja. Cha mu 1331 mkuluyo, Richard wa ku Wallingford, anawagonjetsa pamlandu, analanda mpherozo n'kuziyala pansi m'chipinda cholandirira alendo kuti aliyense wolowa azizipondaponda. Zinakhala pamenepo zaka 50. Mu Juni 1381 anthu analowa m'nyumba ya amonkeyo, anazula miyala ija, anaiphwanya, n'kugawana tizidutswa aliyense kake, monga ankagawirana buledi wodalitsidwa Lamulungu m'tchalitchi. Mu Julaye mfumu inafika ndi oweruza. Mtsogoleri wawo William Grindcobbe ananyongedwa pamodzi ndi anzake, ndipo makalata a ufulu amene anakakamiza amonke kulemba anafafanizidwa.

Ngati kumudzi kwa mwana wina kudakali mphero, abwere ndi mwala wake waung'ono uja m'kalasi tsiku limenelo.